Chipewa cha Mayi Aang'ono

Amayi anga asesa m'maofesi a pasukulu kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, koma anthu a mumsewu wathu sawadziwa ndi tsache. Amawadziwa ndi singano ziwiri zolukira zimene sizichoka m'chikwama mwawo. Khanda lililonse la kuno linavalapo chipewa chawo, ndipo ine ndinakula ndikupunthwa pa mipukutu ya ulusi.

Luso lawo ndi lolumpha. Tizingwe tokoloweka pasingano amatitcha maso. Amaluka mizere iwiri ndi ulusi wofiira, iwiri ndi woyera, koma maso ena amangowasunthira ku singano inayo osawaluka. Mtundu wa m'munsi umakwera pamwamba, timabokosi n'kuoneka. Chinsinsi chili mkati: ulusi wodutsa kuseri kwa diso lolumphidwa uzikhala wolefuka. "Ukaukoka, chipewa chimafinya!" ankandikalipira motero mpaka ndinatopa nazo n'kusiya.

Chaka chatha mayi aang'ono, mng'ono wawo yekhayo, anawapeza ndi khansa ndipo anawatumiza kuchipatala chakutali. Asananyamuke, amayi anawayeza mutu ndi tepi kuti awalukire chipewa, pamwamba pa tsitsi lawo lambiri loluka lija.

"Mutu wakowu ngati chidebe, undithera ulusi," anatero amayi.

"Asisi, nzeru zimafuna malo," anayankha mayi aang'ono, onse n'kufa nalo phwete.

Panapita milungu isanu ndi umodzi tisanawaone. Pafoni mawu awo ankacheperachepera. Amayi ankaluka nthawi yopuma masana, atakhala pampando wothyoka kuseri kwa ofesi, foni ili pamiyendo. Ikangolira, zala zawo zinkaumirira pasingano. Ndinkaziona, koma angalangize amayi pa zoluka ndani?

Anamaliza chipewacho Lachisanu masana, ulendo wokawaona uli mawa lake. Anachiyesa pamutu pawo, chinangokhala pamwamba ngati mbale yovundikira. Anachiyesa pa ine, chimodzimodzi. Atachitembenuza, ulusi wonse wamkati unali wokokeka, ndi, ndi, ndi.

"Ine? Ine weniweni kukoka ulusi?" anatero.

"Mumasule, mudzawapatsa ulendo wina," ndinatero.

Anandiyang'ana, ndinadzimvera chisoni ndi pakamwa pangapa. Tonse tinkaopa chinthu chimodzi, kuti mwina ulendo winawo sudzakhalapo. Kuluka kachiwiri kunkafuna masiku anayi, ife tinali ndi maola chabe.

M'basi njira yonse anachikoloweka pamawondo n'kumachitanula. Sichinasinthe. Ndinawauza kuti achisiye aching'amba, koma sanandimve n'komwe.

Muwodi munkazizira. Zenera limodzi silinkatsekeka, mphepo inkalowa molunjika pabedi lachitsulo pomwe anagona mayi aang'ono, atamanga duku, diripi ili pamkono. Ndikanakhala ndekha ndikanawapitirira.

"Asisi, chipewa changa chija?"

"Sindinamalize, mng'ono wanga."

Amayi sadziwa kunama, maso awo anathawira pansi. Ine mkwiyo unandigwira. Munthu akuzizidwa, wina akuteteza mbiri ya singano zake!

"Chili m'chikwamamo," ndinatero.

Amayi anachitulutsa pang'onopang'ono. "Chachepa. Ndinakoka ulusi. Undikhululukire."

Mayi aang'ono anachilandira, anasisita timabokosi tija ndi chala, kenako anamasula duku. Panalibe tsitsi ngakhale limodzi. Pafoni sanatiuzepo. Anavala chipewacho, chinatsetsereka bwinobwino mpaka kuphimba makutu.

"Chachepa pati? Mwandiyezatu bwino, asisi. Aa, kufunda kwake!"

Amayi anayandikira ngati akufuna kuchikonza kumbuyo. Anapisa chala pakati pa chipewa ndi mutu, chinalowa. Anapisa chachiwiri, nacho chinalowa.

"Chakukwana," anatero. Zala zija sanazichotse.