Tsiku limene Tilipo analawa bowa wa apongozi

Ndivomere lero kuti ndinayesa bowa wa apongozi anga pa galu.

Mvula itayamba, apongozi anatsika kuchokera ku Namwera ndi dengu la bowa wa utale, ati mdzukulu wawo Chifundo, mwana wathu wa zaka ziwiri, alaweko. Ine ndi satifiketi yanga ya kukoleji ndinali nditawerenga pa foni kuti bowa wina amapha. Kukana sindikanatha. Ndiye nditaphika ndinatapako chipande chimodzi n'kukapatsa Tilipo, galu wa amuna anga, kuseri kwa bafa.

Ananyambita mbale n'kukagona pansi pa mtengo wa mango, miyendo m'mwamba. Ndinamuitana, iye zii. Ndinamugwedeza ndi phazi, osatsegula n'diso lomwe. Ndinathamangira kukhonde ndikulira.

"Amayi, ndapha galu. Ndamupatsa bowa wanu kuti ndione ngati ndi wabwino."

Apongozi anandiyang'ana n'kufunsa, "Ndiye bowayo akanakhala woipa, Tilipo akanafera mantha anuwo? Osandifunsa ine bwanji? Bambo a Chifundo akula ndi utale womwewu."

Anatola usipa umodzi palichero n'kuuponya chakumtengo kuja. Wakufa uja anadzambatuka n'kuuwakha usanagwe pansi. Kunali kukhuta chabe ndi kutentha kwa ku Mangochi kuno.

Apongozi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Tilipo sindinamupatsenso bowa, ndipo tsiku limenelo anadya usipa wochuluka kuposa amuna anga. Koma mpaka pano apongozi akafika ndi dengu lawo amaima pageti n'kufunsa, "Adokotala alipo, kapena tingodya osayeza?"