Zikupizo zitatu pakhoma

Lamlungu lapitali ndinakacheza kwa mnzanga wina wa ku Mangochi amene amakhala ku Queenswood, mumzinda wa Tshwane. Amayi ake, odwala mtima, abwera kuno ku Joni kudzaonana ndi madokotala. Masana magetsi anazima monga akuchitira masiku ano. M'nyumba munatentha ngati m'ng'anjo.

Mayi aja anadzuka pang'onopang'ono n'kulunjika kukhoma kumene kunali zikupizo zitatu za mlaza, zofiira ndi zobiriwira.

"Eish, Amayi, zimenezo ayi," anatero mwana wawo. "N'zokongoletsera. Muziwononga."

"Ndinaluka ndine, bambo."

"Ndikudziwa, koma n'zokhomera ndi misomali. Gwirani iyi."

Anawapatsa nyuzipepala. Ine mtima unawira, ndipo ukuwirabe.

Kodi chikupizo chinayamba liti kuposa amene anachiluka?

Ine ndinakula ndi agogo, makolo atamwalira ndili wamng'ono. Kwathu chikupizo chinali ndi ntchito. Mlendo akafika ali thukuta, unkamupatsa asanapemphe madzi. Mkwatibwi ankapita nacho kubanja. Wodwala ankakupizidwa, ndipo pa maliro a amayi anga azimayi ankasinthana kuingitsa ntchentche pamtembo. Utoto ndi malukidwe okongola zinalipo, inde, koma zinali ulemu kwa munthu amene ukumukupizayo. Chikatha, ankaluka china.

Tsono ife a ku Tshwane taona azungu akupachika zinthu zathu m'makoma, ndiye tikuti chikhalidwe n'chimenecho. Timaitanitsa zikupizo, malichero ndi mikeka pa basi kuti alendo aziti, "Kwanu n'kokongola." Koma munthu wakwathu akalowa ndi chitenje chake, timamuuza pokhala ndi zosakhudza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musaloze mnzangayo yekha. Ngakhale m'zipinda za lendi ku Nellmapius ndaziona zitakutidwa m'pulasitiki, mwana akulira ndi kutentha pansi pake.

Mayi aja sanakupize nyuzipepala ija. Anaipinda bwinobwino n'kuiika patebulo. Mwana wawo atatuluka kukayankha foni, anandikodola.

"Achimwene, mundifunsireko basi yakumudzi imanyamuka liti."

"Nanga madokotala, Amayi?"

"Kwathu ndikakomoka, alipo ondikupiza."

Tsiku la basi ndalifunsa, koma sindinawauzebe. Inu mukanatani?