Thewera la Nsalu ya Chipani

Anabwera Lachitatu m'mawa, mu Okutobala 1992, ndikutsuka mbale. Anali amuna awiri a chipani. Odi wawo anamunena atafika kale pa chingwe choyanikira zovala.

"Mayi, mwayanika chiyani apa?"

"Matewera a mwana, bambo."

"Nanga nkhope iyi ndi ya ndani?"

Ndinali ndi zaka 17, ndipo mwana wanga Tiyamike anali ndi miyezi isanu. Nsalu ya matewerawo inali yovinira mtsogoleri wa dziko, ya nkhope yake. Ndinaivala kuyambira ndili Sitandade 5 mpaka inatha. Chaka cha chilala chimenecho ndinalibe nsalu ina, choncho ndinaidula panayi. Za nkhopeyo sindinaganizeko.

Apongozi anga anagwada. "Ndi mwana uyu, sadziwa kanthu. Tengani ine."

"Inu agogo mungavine chiyani kundende?" anatero wamkulu mwa amunawo, mnzake n'kuseka. Anandimasula Tiyamike kumsana n'kumupereka kwa apongozi. "Wakhanda alibe mlandu, atsale."

Kumene ananditengera, thewera lija analiika pa tebulo ngati umboni. Ankafuna ndinene amene anandituma, ndiponso kumene ndinabisa makalata a anthu ofuna zipani zambiri. Makalatawo ndinali ndisanawaonepo. Anandifunsa masiku atatu. Mano awiri a m'mwamba ndinawasiya m'chipinda chimenecho.

Kundende ya ku tauni mawere anatupa, bulauzi n'kumanyowa. Mayi wotilondera anati, "Finyira m'ndowamo, usatinyowetsere simenti." Mkaidi wina wachikulire wa ku Kabudula anandinong'oneza kuti ndizifinya tsiku lililonse kuti mkaka usaume, mwina anditulutsa msanga. Ndinkafinya m'mawa ndi madzulo, osadziwa ngati woyamwayo akadali moyo. Mu Febuluwale unauma.

Kukhoti sindinapiteko. Mu Juni 1993, anthu atavota kuti kukhale zipani zambiri, anandiitana.

"Nyamuka. Zinthu akuti zasintha. Usakalongolole, wamva eti?"

Lole ya fodya inanditsitsa pa Nsaru. Pamsewu anthu ankavina atakweza zala ziwiri. Ine ndinangodutsa.

Tiyamike ndinampeza ali moyo. Anali wowonda, tsitsi lofiirira, akuyenda atagwira nsalu ya apongozi. Apongoziwo anamulera ndi phala, ndipo mayi wina woyandikana nafe ankamuyamwitsako. Nditatambasula manja, analira n'kubisa nkhope.

"Musamukakamize," anatero apongozi. "Sakukudziwani."

Lero anthu amati tili pa ufulu, aliyense angathe kulankhula zakukhosi. N'zoona, ndipo sindikufuna zakale zibwerere. Koma ine sindinali wolankhula ngakhale kale. Panatha miyezi iwiri Tiyamike asanalole kuti ndimubereke. Tsopano ali Sitandade 1. Akapunthwa kapena akatentha thupi amandidutsa pakhomo, kuthamangira kwa agogo ake akuwaitana kuti amayi. Ndimapatuka kuti adutse.