Tsiku limene amama anatsala mumchenga

Ndikukumbukira kutentha kwa Okutobala wa chaka chimene ababa anagula njinga yamoto. Tinkakhala ku Chikweo, kumudzi kwa amama, ine ndili kamtsikana koti mano akutsogolo angomera kumene. Ababa ankagula nsomba zouma kunyanja ya Chiuta n'kumakagulitsa m'misika. Zaka zambiri ntchitoyi ankaigwira pa njinga yakapalasa, moti pobwera madzulo malaya awo ankakhala ndi mizere yoyera ya thukuta louma. Tsiku limene anafika ndi yamoto kuchokera ku Limbe, tinaimva isanaoneke. Nkhuku zinathawira m'munda wa chinangwa, ife ana tinathamangira kumsewu.

Inali yofiira, ikununkha utoto ndi petulo. Pampando panali pulasitiki ya kusitolo, ndipo ababa anakana kuichotsa. M'mawa uliwonse ankaipukuta ndi chitenje chakale cha amama. Inkagona m'nyumba, pomwe njinga yakale inapirikitsidwira pakhonde. Anzawo a kumzikiti ankawaseka kuti Che Amidu akwatira mkazi wachiwiri, koma wosadziwa kusinja.

Ine ababa ndinkawaopa, osati chifukwa anali aukali, iyayi. Kwathu mwana wamkazi polankhula ndi bambo ake ankagwada chapatali, maso pansi, mawu otsika. Chisiyireni kunyamulidwa, sindinawakhudzepo. Amama nawo sankayenda phewa ndi phewa ndi amuna awo anthu akuona. Ankatsalira m'mbuyo pang'ono. Tsono ine manyazi anga anali oposa a anzanga. Mlendo akandifunsa dzina ndinkangokumba pansi ndi chala chakuphazi.

Patapita masabata ochepa, ababa ananena kuti tipite ku Nkaya tikaone azakhali, alongo awo aakulu, nawonso akaione njingayo. Amama anakonza dengu la mlamba wowamba, poti kuchilamu sapita chimanjamanja. Ababa anavala chipewa chawo cholimba chophimba makutu, namangirira chigubu cha madzi kutsogolo. Ine anandikhazika pakati, ndipo ndinagwira kalamba ka pampando kuti ndisawakhudze. Amama anakhala kumbuyo kwanga. Masiku amenewo lamulo linkaletsa mkazi kuvala buluku, ndipo mzimayi waulemu wake sakanakhala motangadza miyendo. Choncho anakhala chammbali ngati pa njinga yakapalasa, miyendo yonse mbali imodzi, dengu lili pamiyendo.

"Amake Patuma, iyi si yakapalasa. Ndigwireni m'chiuno," anatero ababa.

"Pamsewu? Anthu onsewa akuona? Tiyeni, sindinayambe lero kukwera njinga."

"Mukagwa musadzati sindinanene."

"Ndikagwa mudzanditola. Nsomba mumatola bwanji?"

Kuyambira kwathu mpaka ku Ntaja ulendo unali wokoma. Kamphepo kam'mawa kankandilowa m'kolala, ana m'midzi ankatithamangira akukuwa. Pa Ntaja anyamata a chipani anatiimitsa kufuna makadi a umembala, koma maso awo anali pa njinga, moti makadiwo sanawayang'ane n'komwe. Tinamwa thobwa n'kupitirira.

Titaoloka Shire pa Liwonde dzuwa linali litafika paliwombo. Ine ndinkayesa kuti munthu akathamanga kwambiri amamva kuzizira, koma mphepo ya tsikulo inali ngati yotuluka mu uvuni wa njerwa. Inkaumitsa milomo ndi maso. Phula linkanyezimira kutsogolo ngati pali madzi, tikafika pamenepo madzi n'kusamukira patsogolo. Pulasitiki ya pampando inkandiotcha ntchafu, ndipo injini inkatumiza moto wake kumapazi. Diresi yanga inamatirira kumsana, pamene panatsamira mkono wa amama.

Kenaka tinasiya phula n'kulowa msewu wafumbi wopita ku Nkaya. Uku kunalibe mthunzi. Minda ya thonje inali mbee, milambe yopanda tsamba, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa. Anthu onse anali atabisala m'makonde mwawo kutali ndi msewu. Tinafika pakhwawa louma lodzaza mchenga. Njinga inayamba kupepeluka uku ndi uku ngati munthu woledzera. Ababa anawonjezera moto, iyo inalumpha n'kutulukamo.

Chimene ndinayamba kumva ndi kuzizira kumsana. Mphepo inandiomba pamalo ponyowa paja. Nditacheuka, amama panalibe. Kumbuyo kunali fumbi lokhalokha.

Sindinkadziwa ngati athyoka kapena afa. Ndinkangodziwa kuti atsala okha padzuwa lija, ndipo madzi onse ali ndi ife. Ababa sanadziwe kanthu. Njinga itapepuka inayamba kuthamanga bwino, iwo n'kumagwedeza mutu mokondwa. Pambuyo pake anatiuza kuti ankaganiza kuti injini yayamba kuzolowera ulendo.

Ndinaitana kuti, "Ababa," ndi mawu aja ndinaphunzitsidwa, otsika. Ngakhale ine mwini sindinawamve. Ndinaitananso mokweza pang'ono, mphepo n'kuwatenga. Ndinagwira nsonga ya malaya awo ndi zala ziwiri n'kukoka, koma malayawo anali atafufuma ndi mphepo, sanamve kalikonse. Milambe inkangodutsa. Uliwonse ukadutsa ndinkadziwa kuti amama atalikiranso.

Ndinagogoda pa chipewa chawo pang'onopang'ono, ngati munthu woodira pakhomo la eni. Ayi ndithu. Pamenepo ndinayamba kulira. Kenaka ndinaweramira pansi, ndinavula patapata wanga, n'kuwamenya naye ababa m'mutu ndi mphamvu zanga zonse. Ndinamenyanso, ndi kumenyanso, uku ndikukuwa ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo.

Njinga inaima. Ababa anavula chipewa n'kundiyang'ana, nkhope ili yofiira ndi fumbi, thukuta likutsika m'ndevu. Ine patapata akadali m'manja.

"Amama atsala," ndinatero.

Anayang'ana kumbuyo kwanga, kenaka kumsewu wopanda munthu. Anatembenuza njinga, natenga manja anga onse awiri n'kuwakulunga pamimba pawo. "Gwira zolimba," anatero. Malaya awo anali onyowa, ndipo ndinamva mtima wawo ukugunda msanga kuposa wanga.

Amama tinawapeza atakhala patsinde pa mlambe, m'kamthunzi kopyapyala ngati lamba. Chigongono chinali chitasupuka, magazi osakanikirana ndi mchenga. Patapata mmodzi anali ataduka. Koma nsomba zonse anali atazitolera, ndipo ankazipemerera imodziimodzi kuchotsa mchenga. Ababa anadumpha osaimika n'komwe njinga. Ine nditangotsika, inagwa chammbali mumchenga, gudumu likuzungulirabe, iwo osaicheukira. Anagwada pamaso pa amama, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo, n'kuyamba kuwagwiragwira mapewa ndi mawondo.

"Mwabwera?" anatero amama. "Ine ndimayesa mwandisudzula. Ndimati mwasankha wofiirayo."

Ababa anayesa kuseka. Anamasula chigubu, nawamwetsa madzi amene anali atafunda ngati tiyi, otsalawo n'kutsuka nawo bala.

"Mwadziwa bwanji kuti palibe munthu?" anafunsa amama.

"Mwana wanuyu wandimenya. Ndi patapata. M'mutu."

Amama anagwira pakamwa n'kundiyang'ana. Ine ndinagwada pamchenga wotentha kudikira chilango. Koma ababa anandidzutsa. Anati chipewa anagulira zomwezo, ndipo kuyambira tsikulo ndikaona chinthu cholakwika ndizinena mokweza, akapanda kumva ndiziwamenya.

Titakweranso, amama anakhala chammbali monga kale, koma dengu analimangirira kumbuyo ndi chitenje. Anatambasula mkono kudutsa pa ine n'kugwira lamba wa ababa. Ndinapanikizika pakati pawo, kutentha kuwirikiza, koma sindinadandaule. Nyumba zoyamba za ku Nkaya zitaoneka, ndi njanji ikuwala padzuwa, amama anachotsa dzanja lawo mwakachetechete. Ababa anamva. Anachepetsa liwiro mpaka mbuzi zinkatipitirira, ndipo tinalowa kwa azakhali choncho, mapazi a ababa akukhwekhwereza pansi.

Lero njinga zamoto zachuluka, nkhuku sizithawanso. Atsikana amakwera motangadza, buluku mkati mwa chitenje, atagwira woyendetsa popanda wowaloza chala. Ine sukulu ndinalekezera panjira ndipo manyazi sanandithere; pamsonkhano ndimakhalabe kumbuyo. Koma mwana wanga atatentha thupi chaka chatha, anthu pamzere wa kuchipatala akungotipitirira, ndinaimirira n'kulankhula mokweza mpaka anamwino anatuluka. Kamtsikanako tsopano kali bwino. Kamakwera pakhosi pa bambo ake, kuwakoka makutu, kuwauza kolowera. Apongozi anga amati ndikukalekerera. Ine ndimangoyang'ana pansi mwaulemu, koma sindikatsitsa.