Ziguduli ndi Phula Pansi pa Pikapu Yanga

Nkhani iyi ili ndi mbali imene sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga. Koma ndiyambe ndi galaja ina ya pa Nsipe, chifukwa ambiri a pagulu lino mumakonzetsa komweko.

Pikapu yanga mumaidziwa, yoyera yakale ija imene imanyamula amayi ogulitsa kachewere kupita ku Bwanje Loweruka lililonse. Feteleza amene ndakhala ndikunyamula zaka zonsezi wadya pansi pake. Dzimbiri linaboola chasisi pamene pamagwira sipuling'i ya kumbuyo. Bowo loti chibakera n'kulowa.

Lolemba 7 koloko m'mawa ndinakaisiya. Ndinalongosola bwinobwino: palani dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, dulani powola, muwotcherere chitsulo chatsopano, kenako mupake penti kuti madzi asalowenso. Mwini galaja anati, "Osadandaula madala, muisokoneza ndi yatsopano." Anatchula K220,000. Ndinalipira osanenerera.

Lachitatu akuti magetsi azima. Lachinayi akuti wowotcherera wapita kumaliro. Lachisanu 3 koloko masana anaimba foni kuti yatha.

Nditafika, pansi ponse pa pikapuyo panali bii, kunyezimira. Ndinagwada ndi mawondo okalambawa n'kusuzumira. Fungo la phula lokhalokha. Powotcherera osaoneka. Kodi masiku ano chitsulo amalumikiza ndi malovu? Ndinatola msomali n'kubaya. Unalowa wonse. Pousolola unatuluka ndi ulusi wa chiguduli.

Ziguduli, abale anga. Anazikanikizira m'bowomo, n'kumata phula losakaniza ndi mchenga, penti pamwamba. Dzimbiri lili momwemo, likudyabe. Ndipo mawa lake amayi khumi ndi awiri amayenera kukhala pamwamba pa bowo limenelo, pamatumba a kachewere, kutsetsereka kupita kuchigwa.

Ndinakalipa mpaka ogulitsa tomato kutsidya kwa msewu anatembenuka. Mwini galaja anatuluka akupukuta manja. Akuti galimotoyo njokalamba ngati mwini wake, chitsulo chake sichingapirire moto. Ndinati nanga bwanji osanena Lolemba? Akuti akananena ndikanapita kwina. Kenako anayang'ana msomali uja n'kuseka.

"Koma madala, mwadziwa bwanji pobaya? Anzanu amatha chaka osazindikira. Kapena ntchitoyi munaigwirako?"

Onse amene anali pamenepo anaseka.

Ndinaigwirako.

Papita zaka zoposa makumi atatu. Nthawiyo ndinali ndisanalowe sukulu ya kwacha kumene ndinaphunzira kulemba uku. Ndinali ndi lole yaing'ono, ndipo inawola malo omwewo. Ndinamata ndi manja angawa: ziguduli, phula, mchenga, penti. Ndinakaigulitsa kwa a Lufeyo a ku Sharpevale, mnzanga wodyera mbale imodzi. Patapita miyezi iwiri sipuling'i inazuka pamtsetse, lole n'kugwa chammbali. Akazi awo, a Nangozo, anali kumbuyo. Mwendo wawo anaudula pabondo. Anthu anati a Lufeyo anadzaza katundu mopyola muyeso. A Lufeyo nawonso anakhulupirira zimenezo, mpaka anamwalira akudziimba mlandu. Ine ndinapita kuchipatala ndi shuga ndi buledi. Ndinapemphera nawo. Za ziguduli zija osaulula.

Ndiye mwina mukuti munthu ngati ine angadandaule chiyani? Ndidandaulabe. Iwe mwini galaja, ndi galimoto zingati zatuluka pako zitadya ziguduli? Minibasi imene akwera ana asukulu ija, unaimatanso? Uwaitane eni ake lero. Ine ndikudziwa kulemera kwa chinthu chimene ukusewera nachocho, ndachisenza mpaka imvi.

Ndipo inu nonse, akakuonetsani pansi pa galimoto pakunyezimira, musaombe m'manja. Gwadani, bayani ndi msomali. Uzani makaniko akuonetseni chitsulo asanapake kanthu. Mukanyamula feteleza tsukani tsiku lomwelo, ndipo mvula isanayambe pakani oilo pansi ponse.

Madzulo a Lachisanulo ndinayenda nayo pang'onopang'ono mpaka kunyumba, n'kuimbira a Nachisale, amene amatsogolera amayi a kachewere aja, kuti apeze galimoto ina.

"Agogo, kachewere wathu awole chifukwa cha kabowo? Si takhala tikuyenda nako bwinobwino?"

Ndinati awole.

"Ndiye sitibweranso kwa inu, mudziwe."

Ndinati ndamva, amayi.

Loweruka m'mawa ndinachotsa matayala onse anayi, n'kuikhazika pikapuyo panjerwa kuti ndisayesedwe. Ndinavala jekete ya kutchalitchi, msomali uja ndi ulusi wake m'thumba, n'kukwera minibasi ya ku Sharpevale. A Nangozo ndinawapeza pakhonde akusankha mpunga, ndodo zawo zitatsamira khoma.

"Alamu! Mwatikumbuka lero? Dikirani ndikuyalireni mkeka."

Ndinavula chipewa n'kukhala pansi, padothi.

"Musayale, alamu. Ndabwera ndi mawu a lole ija. A Lufeyo sanadzaze katundu mopyola ayi."