Mabulosi a Masana a Ramazani

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi chaka chimene ndinadzilemba ntchito yoyendera malilime a anthu. Mwezi wa Ramazani unagwa m'nyengo yotentha, Zomba yonse ikuchita kupsa. Ife ana a kumadrasa ku Chikamveka tinali ndi njira yathu yogwirira osala achinyengo. Tinkangoti, "Tulutsa lilime!" Likakhala louma ndi lotuwa, tinkakupatsa ulemu. Likakhala lonyowa, ndiye kuti wamwa madzi kuseri kwa bafa, ndipo tinkakukuwiza mpaka pakhomo pa kwanu. Ine ndinali mkulu wa apolisi amenewa, chonsecho kunyumba ankandilola kusala mpaka masana okha, dzuwa likafika paliwombo n'kundipatsa phala.

Ababa ankacheka matabwa pamwamba pa phiri, m'nkhalango ya paini. Ankatsika madzulo utuchi uli mbuu m'tsitsi, milomo itang'ambika ndi ludzu, koma sindinawamvepo akudandaula. Amayi ndiwo anali olimbikira kwambiri pa zachipembedzo m'nyumba mwathu. Swala, pemphero lathu la kasanu patsiku, sinkawadutsa, ndipo ine ndinkawanyadira koopsa.

Tsiku lina tinaweruka msanga kusukulu. Nditazungulira kuseri kwa khitchini, ndinawapeza Amayi atakhala pamkeka, miyendo atatambasula, mbale ya mabulosi ili pamiyendo. Ankatola limodzilimodzi, maso atatsinzina ndi kukoma. Masana dzuwa likuswa mtengo, m'mwezi wa Ramazani!

"Patuma, wabwera kale?" anandifunsa, ndipo ndinaliona lilime. Linali lakuda bii.

Sanachite mantha, anangochita kamanyazi, n'kuvindikira mbale ija ndi nsonga ya chitenje. "Pita ukavule yunifolomu," anatero. Nkhani inathera pomwepo.

Kwa ine ndi pamene inayambira. Mwalimu wathu anali atatiphunzitsa kuti kudya dala masana a Ramazani ndi tchimo lalikulu. Komanso chaka chomwecho mayi wina woyandikana nafe anabwezedwa kwawo ndi amuna ake. Palibe anandiuza chifukwa chake, choncho ndinadzipezera ndekha: nayenso ayenera kuti anadya. Ndinayamba kuwaona Amayi akukwera minibasi ya ku Songani kwawo, chikwama chili pamutu, ine n'kutsala ndi Ababa amene sankadziwa ngakhale kuluka tsitsi. Ndinalira mwakachetechete, nkhope nditaikwirira m'bulangeti.

Kenako ndinayamba kubisa umboni. Ndinasesa timapesi ta mabulosi n'kukataya kudzala. Ndinawatengera Amayi mswachi wawo ndi kapu ya madzi osanditumako, iwo n'kungondiyang'ana modabwa. Dzuwa litalowa, pomwe tinkamasula kusala ndi futali wa mbatata, ndinadzipanikiza pakati pa awiriwo. Ababa akafunsa Amayi kanthu, ndinkayankha ine, kuti Amayi asatsegule pakamwa.

"Mwanayu lero wameza wailesi?" anafunsa Ababa.

M'mawa mwake ndinapangana ndi Allah mumtima. Ndinati ndisala tsiku lathunthu, ndipo tsikulo alilembe pa dzina la Amayi. Phala la masana ndinakhuthulira nkhuku. Koma nditasuzumira kuseri kwa khitchini, ndinapeza Amayi akumwa madzi m'chikho, khosi likuchita kugwedera. Ndinaona kuti ngongole iyi sindiitha ndekha. Ndinaganiza zokawachingamira Ababa panjira, ndiwapepese nkhani isanawafike kudzera kwa ena.

Msewu wokwera phiri uja sumvera chisoni munthu wa njala. Ndinadutsa amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni, thukuta lili kamukamu, ena akundifunsa kuti ndine mwana wa yani. Mitengo inayamba kuoneka ngati ikuyenda. Ndinakhala pamwala pafupi ndi kamtsinje, ndikumva madzi akusewera m'miyala, ine kukhosi kuli gwaa.

Ndi pomwe Ababa anandipeza. Paphewa anali ndi sowo yawo, kudzanja kadengu kovindikira ndi masamba.

"Iwe Patuma, ukutani kuno? Kunyumba n'kwabwino?"

Ndisanayankhe, maso anga anagwera m'kadengu muja. Munali mabulosi, akupsa bwino, ongothyola kumene.

"Ababa, amenewo ndi a ndani?"

"A amayi ako. Masiku ano pakamwa pawo sipakufuna china."

"Koma Ababa," ndinatero misozi ikuyamba, "amadyatu masana! Chonde musawabweze ku Songani. Ine ndikuwasalira, lero sindinalawe kanthu."

Ababa anatula sowo pansi, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka anakhala pansi m'mphepete mwa msewu, akupukuta misozi ndi chisoti. Munthu amene sanamwe dontho chiyambire mbandakucha, kuseka chotero!

"Nanga ukuganiza amawathyola ndani?" anandifunsa atapeza mpweya. "Ndimatsika nawo phiri lonseli, fungo likundilowa m'mphuno, osalawako ndi limodzi lomwe, ndiye ndikawabweze kwawo?"

Anandikokera pafupi n'kundiuza motsitsa mawu kuti mabulosi aja Amayi sadya okha, alipo amene akuwatuma, ndipo mvula ikamatha ndidzakhala ndi wombereka kumbuyo. Anati Allah amene analamula kusala ndi yemweyo amene anamasula mayi woyembekezera ndi woyamwitsa ngati kusala kungamupweteke iye kapena mwana. Anamasulanso wodwala ndi wa paulendo wautali, onsewo n'kudzabweza masiku awo akapeza bwino. Nkhalamba imene singathenso, imadyetsa wosauka m'malo mwake.

"Masiku oyamba amayi ako anaumirira kusala, mpaka anachita chizungulire pachitsime," anatero. "Ndinachita kukaitana a shehe kuti adzawalankhule. Ndiye iwe usandiwonongere ntchito."

Anatunga madzi m'kamtsinje muja ndi manja awo n'kundifikitsira pakamwa. Ndinapotoza khosi.

"Imwa. Msinkhu wako sunakwane, ndipo munthu wamoyo sasaliridwa ndi mnzake. Zimene wapatsidwa, landira."

Ndinamwa. Madzi a m'phiri la Zomba ndawamwa kambirimbiri chiyambire, koma ozizira ngati a tsiku limenelo sindinawapezenso. Kenako anandivundukulira kadengu kaja. Ndinadya mabulosi ndi manja awiri, iwo atayang'ana kumbali, akumeza mate. Ulendo wotsika ndinauyenda ndili kumsana kwawo, sowo ikundigunda mwendo.

Tinawapeza Amayi ali pamsewu, akufunsa aliyense wodutsa ngati wandiona. Ababa atawafotokozera, Amayi anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Kenako anaumitsa nkhope, manja n'kuika m'chiuno.

"Apolisi, tabwerani kuno. Tulutsani lilime!"

Ndinatulutsa. Linali lakuda kuposa lawo. Tinaseka tonse atatu mpaka mayi wa nyumba ina yoyandikana anasuzumira pampanda kufunsa ngati mwezi wa Idi waoneka kale.

Mlongo wanga Jafali anabadwa mvula ikutha, monga ananenera Ababa. Atasiya kuyamwa, Amayi anayamba kubweza masiku awo m'nyengo yozizira, nyumba yonse ikudya, iwo okha akusala, opanda wowalondera. Nditatha msinkhu anandikhazika pansi n'kundiuza za masiku a kumwezi, amene mkazi sasala, amadzabweza pambuyo. Pamenepo ndinakumbukira atsikana akuluakulu amene tinkawakuwiza kumadrasa aja, ndipo ndinawamvera chisoni mochedwa.

Lero ndikudziwa kuti chilolezo si chinthu chodyera kuseri kwa khitchini mwamanyazi. Chimachokera kwa Mwini lamulo, ndipo kuchilandira ndi kumvera komwe. Ana anga ndinawaletsa kuyendera malilime a anzawo, chifukwa lilime silinena zimene munthu wanyamula.

Jafali tsopano ndi bambo wa ndevu zake, amaphunzitsa ana kumadrasa. Ramazani ikafika amakonda kudzitama kuti chibadwire sanadyepo masana a mwezi umenewu. Ine ndimangomusiya amalize, kenako n'kumuuza kuti, "Chibadwire, eya. Koma musanabadwe, achimwene, munatha mabulosi a phiri lonse la Zomba, ndipo mboni ndine."