Helikopita ya adokotala ndi ndowa ya pamutu

Amene anayamba kundiuza ndi mlamu wanga Nabanda, Lachiwiri m'mawa, ine ndikusoka fodya m'chigafa. Ngakhale moni sanapereke.

"Mlamu, mwangokhala phee apa, simukudziwa kuti amuna anu akuphunzira kuuluka?"

Ndinati, "Kuuluka kupita kuti? Munthu woti akakwera matola amatsinzina pamtsetse wa ku Mvera?"

"Sekani. Nkhani yafika kale kwa akuluampingo. Lamulungu kuli Mgonero, ndipo akuti dzanja la munthu wouluka silingagwire mbale ya mkate."

Kuseka kwanga kunathera pomwepo. Abale anga owerenga, mukudziwa nokha kuti kwathu kuno munthu wouluka wopanda tikiti timamutcha dzina lanji. Amuna anga a Phiri, bambo a Chikondi, akhala mkulu wampingo kuyambira ana athu asanayambe sukulu. Njinga alibe, ng'ombe zinafa, chuma chawo ndi dzina lomwelo basi.

Atabwera ndinawakhazika pansi, ndipo anaulula. Amuna angawa ndi kalipentala pachipatala cha mishoni. Kumeneko kuli adokotala ena achizungu amene ali ndi kahelikopita kotalika ngati mkono. Amakayendetsa ali chiimire pansi, atagwira kabokosi ka timitengo tiwiri ndi mlongoti ngati wa wailesi. Tsiku lina kanagwa, mapiko ake amatabwa n'kuthyoka, bambo n'kusema ena. Pothokoza, adokotala anati awaphunzitsa. Koma munthu sayambira pa kenikeniko ayi. Umayambira pa kompyuta, pomwe pagalasi pamaoneka kahelikopita kachithunzi. Kakagwa ungodina batani, kadzuka kopanda ndi bala lomwe.

Ine masabata atatu onsewa ndimauzidwa kuti akukonza mabenchi. Mabenchi!

Lachinayi akuluampingo anatuma a Mbewe, mkulu mnzawo, kuti akaone ndi maso. Ine ndinatsatira, Baibulo lili m'chikwama.

Adokotala anatilandira bwino ndi Chichewa chawo chopunduka. "Kupita kutsogolo aliyense angathe," anatero. "Sukulu yoyamba ndi kuimitsa malo amodzi m'mwamba. Osapita, osabwerera."

Bambo anagwira kabokosi. Lilime panja. Kahelikopita kanadzuka pagalasi, n'kuyamba kutsetserekera kumanzere. Iwo anakankha kamtengo kumanja ndi mphamvu zonse, thupi lomwe likutsatira, mpando uli kwee. "Iwe! Bwerera! Ayi, ima!" ngati akukalipira ng'ombe zapangolo. Kanakamenya mtengo wa pagalasipo, phwaa.

Anadina batani. Kanagwanso. Anadinanso. Ulendo uno kanagwa chagada.

A Mbewe anavula magalasi awo n'kuwapukuta. "Ayi, a Phiri, inu mulibe mlandu. Mfiti yogwa chonchi anzake akanaichotsa ntchito kalekale."

"Tayesani inuyo ngati n'zophweka," anatero bambo, thukuta lili kamukamu.

A Mbewe anayesa. Kanangodumpha kamodzi n'kudzikwirira m'dothi. Iwo anabweza kabokosi mwaulemu n'kunena kuti mwina mabatire atha.

Apo adokotala anati, "Amayi, inunso."

"Asiyeni awa," anatero bambo. "Kunyumba ngakhale wailesi amaitana ine kuti ndiwasakire siteshoni."

Mawu amenewo anandilowa. Ndinapukuta manja pachitenje, ndinati mumtima, Ambuye musandichititse manyazi pamaso pa mzungu, n'kulandira.

Katadzuka kanayamba kupendekera, ndipo ine ndinakazindikira msanga. Iyi ndi ndowa! Ine ndinakulira ku Nachisaka, kumene chitsime chinali kutsidya kwa chigwa. Ukamatsika phiri ndi ndowa yodzaza pamutu, madzi amathawira mbali imodzi. Malemu mayi anga ankati, "Usawathamangire madziwo, mwanawe. Ukawathamangira akuthawira kwinako, ufika ndi theka." Khosi limangokonza pang'onopang'ono, anthu osaona n'komwe kuti ukugwira ntchito. Ndinauza zala zanga kuti zichite zimene khosi limachita.

Kanaima. Kamagwedera pang'ono ngati mayi woyembekezera basi, koma kanaima. Ndinanena Pemphero la Ambuye mumtima mpaka pa Ameni, kakadali m'malere. Ndinabwereza. Adokotala anaomba m'manja. Bambo a Chikondi amayang'ana kudenga ngati aona chiswe pa phaso.

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 6, ndiye za ndale ndisanene zambiri. Chibwerere matipate tili ndi ufulu woyankhula, ndipo ndimathokoza Mulungu tsiku ndi tsiku, chifukwa kale ngakhale m'nyumba mwako umayamba wasuzumira pawindo. Koma kodi sitikugwira dzikoli ngati mmene bambo amagwirira kabokosi kaja? Chinthu chikapendekera pang'ono kumanzere, ife n'kukankhira kumanja ndi thupi lonse. Wina wakhumudwa pamsonkhano umodzi, mawa wavala nsalu ya chipani china. Mwana wachedwa kumjigo, mayi wathyola kale mkwapulo. Mkulu wampingo wachedwa kuweruka, mudzi wamuika kale m'lichero.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. A Mbewe ndimawalemekeza pa chimodzi: anayenda ndi miyendo yawo kukaona. Ndi angati mwa ife amene timatero tisanapititse nkhani kwa mnzathu? Pagalasi paja pali batani lodzutsa chimene chagwa. Dzina la munthu likagwa, mudina pati?

Lamulungu bambo anagawa Mgonero, jekete lawo lakuda atalisita okha. Ndinalira pang'ono polandira, osabisa. Mulungu ndi wabwino.

Koma mtendere wonse sunabwere. Potuluka m'tchalitchi a Mbewe anandipatsa moni wa manja awiri n'kunena chapansipansi, "A Phiri tawamasula. Koma inu mayi, tsiku loyamba lomwe osagwa ngakhale kamodzi, munaphunzira kuti?" Anaseka. Nanenso ndinaseka, koma mpaka lero sindikudziwa kuti kuseka kwawo kunali kwa mtundu wanji.

Ndiye dzulo masana ndapeza bambo kuseri kwa khola, nkhata pamutu, ndowa yanga yatsopano pamwamba pake, malaya onse ali chonyowa. Atandiona anati, "Ndimayesa ngati ikudontha." Ine ndinati zikomo bambo, n'kubwerera msanga kukasekera m'chigafa.

Loweruka adokotala akuti atulutsa kenikeni kaja pabwalo la kuseri kwa chipatala, ndipo akufuna woyamba kugwira kabokosi akhale ine. Ndikakagwetsa, bambo ali ndi ntchito yosema mapiko. Ndikapanda kukagwetsa, a Mbewe ali ndi funso lawo. Choncho inu amene mumagwada, mukamatchula odwala ndi apaulendo, mutikumbukireko ife a kwa Phiri, makamaka khosi la bambo a Chikondi, poti anthu aakulu sayambira pa ndowa yodzaza.